Chulu cha Kunja kwa Zikhomo

Amayi anga anali ndi khalidwe lina limene linkandikwiyitsa kuyambira ndili kamtsikana. Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi, anzathu akuthamangira kukaphika, iwo ankamanga chitenje chachiwiri m'chiuno n'kunena kuti tikukathyola therere. Therere lakelo silinali la pafupi ayi. Tinkakhala ku Old Town, kuseri kwa masitolo, m'kanyumba ka lendi koyang'anizana ndi amisiri okhoma zidebe, koma therere la amayi linali kuseri kwa Area 12, ulendo wa maminibasi awiri kenako wapansi. Ndipo munthu wake ndi wogulitsa tomato mumsika waukulu, mmene therere limaunjikidwa milumilu mpaka kufota! Ndikadandaula ankangoti la kumeneko n'lokoma.

Kumeneko kunali kwawo. Mudzi wawo unali pamenepo mzinda watsopano usanamangidwe. Anthu anasamutsidwa, nyumba zinagwetsedwa, minda inasanduka mapuloti a anthu a magalimoto. Anatsala ndi manda okha, kagulu ka mitengo yothithikana, poti mtengo wa kumanda palibe amene amaugwetsa. Agogo anga aakazi agona mmenemo. Koma amayi sankalowa m'mitengomo, chifukwa m'manda salowamo mwachisawawa popanda maliro. Ankakhala panja, cha kumunsi, pafupi ndi chulu chachikulu chimene chinali chotalikirako pang'ono ndi mitengo. Ine ndinkathyola therere, iwo atatambalala pansi, kumazula tiudzu ndi zala. Pachulupo therere linkamera lonenepa kuposa pena paliponse, koma ndikangotambasula dzanja ankandikalipira kuti pali njoka.

Njoka panalibe. Panali mwana.

Kwathu mwana akamwalira asanatuluke m'chikuta, asanapatsidwe dzina, sati maliro. Amati kansenye. Amuna sakumba, sapitako, ndipo safunsa. Amayi akuluakulu okha ndi amene amakakulunga m'kansalu n'kukakaika m'mphepete mwa manda, kunja kwa mitengo, m'kadzenje kosaya, chifukwa amati mukakumba mozama mayi wake sadzaberekanso. Saikapo mtanda kapena mwala. Mayi wakeyo satsagana nawo, ndipo amamuletsa kulira. Amayi anga anangonong'onezedwa ndi amayi awo kuti ndi pachulu, mbali yotulukira dzuwa. Ndizo zonse anapatsidwa, ndipo anazisunga okha. Ine ndinadzazimva ndili mayi wamkulu kale, dzenje lalikulu litakumbidwa pamalopo.

Dzenjelo linabwera chonchi. Nthawi imeneyo n'kuti ndikugwira ntchito yotayipa mu ofesi ina ku City Centre, bambo anga atamwalira kale. Kampani ina yomanga misewu inapeza kuti dothi la pamalopo ndi la nsangalabwi, labwino kuthira pansi pa phula. Ndisawanamizire, asanakumbe anachita zaulemu: anaitanitsa eni manda kuti adzaloze malire. Anapita ndi amalume, achimwene awo a amayi, pamodzi ndi madoda ena a mudzi wakalewo. Amalume si munthu woipa, koma ndi aja oti akaitanidwa ndi anthu a galimoto amavala jekete ngakhale dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Anazungulira ndi kapitawo wa kampani, kuloza apa ndi apo, anyamata akukhoma zikhomo zopaka penti yofiira. Pamene mitengo yathera, iwo anati ndi pamene manda athera. Mkazi sanafunsidwe ndi mmodzi yemwe.

Pobwerera anadzera kwathu kudzadzitama, akumwa tiyi wathu.

"Mlongo, mtima m'malo," anatero. "Ndazungulira ndekha, mtengo ndi mtengo. Palibe manda amene atsala kunja."

"Nanga chulu chija, achimwene?" anafunsa amayi, maso ali pa ketulo.

"Chulu? Chulu n'cha chiswe," anatero amalume, n'kuseka.

Amayi anawathirira tiyi wina, nkhani n'kupita kwina.

Akatapila anabwera, matipa akulowa opanda kanthu n'kutuluka atadzaza, fumbi lofiira likugwera pa maluwa a anthu olemera. Anakumba kuzungulira manda onse mpaka mitengo inatsala pamwamba yokha ngati ili pa tebulo. Chulu chinapulumuka, koma si ulemu umene unachipulumutsa ayi. Dothi la chulu ndi lomata, losafunika pamsewu, ndiye katapila anangochilambalala, chinatsala pa kamtunda kopyapyala kolumikizana ndi manda, uku chiphompho uku chiphompho.

Msewu utatha, kampani inapakira zitsulo zake n'kupita. Paja anati adzakwirira n'kubzala mitengo. Abale inu, mpaka lero ndikaganiza mtima umandiwira. Munthu ukabwereka beseni kwa mnzako umabweza beseni, ulitsukenso. Awa anabwereka nthaka, n'kubweza dzenje! Ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anakhala pansi kudzifunsa kuti mvula ikagwa madzi adzatulukira kuti. Kumtunda kwa dzenjelo kuli nyumba za mipanda italiitali ya njerwa, ndipo mpanda uliwonse uli ndi mabowo m'munsi otulutsira madzi. Mabowo onsewo analoza kudzenje. Aliyense ankafuna kapinga wake aume msanga; kumene madzi akupita sinali nkhani yake. Mvula yoyamba yomweyo dzenje linadzaza tho, madzi ofiira psu, opanda kolowera. Otsuka magalimoto anapeza mwayi, oumba njerwa anapeza mwayi, udzudzu ndiye usanene. Madziwo anayamba kunyambita kamtunda ka chulu kaja, ndipo chaka ndi chaka mbali ina inkagumuka n'kugwera m'madzi.

Apa m'pamene amayi anasiya kunamizira therere. Anayamba kutola njerwa zosweka m'mbali mwa mipanda ya anthu, kuzisenza pa beseni la tomato n'kumakazisanja m'munsi mwa chulu. Ankapempha matumba akutha kwa ogulitsa ufa, kuwadzaza mchenga. Anabzala nsenjere, anabzala udzu wa vetiva. Lolemba ankadzuka msana utauma, osatha kuwerama kuti asanje tomato. Ndinawafunsa, ndinawanyengerera, ndinawakalipira, koma ayi ndithu. Lamlungu lina la mu Febuluwale ndinawatsatira, ndipo ndinawapeza ali m'matope mpaka m'maondo, akukankha thumba ndi chifuwa.

Ine pakamwa panga sipachedwa, amene amandidziwa akudziwa.

"Amayi, mwatani kodi? Anthu a matipa anasiya dzenje, inu mukufuna kulikwirira ndi beseni? Mukaterereka pamenepo akuvuuleni ndani? Zonsezi chifukwa cha chiswe?"

"Usafuule," anatero. "Pali mkulu wako pano."

Ine ndinkadziwa kuti ndine woyamba. Msika wonse umawaitana amayi ndi dzina langa. Anatuluka m'matopemo, n'kukhala pa thumba, n'kundiuza mwachidule, osandiyang'ana. Anali wamkazi. Anakhala masiku owerengeka, anayamwa ndithu. Anali ndi tsitsi lambiri kuposa limene ndinabadwa nalo ine. Bambo anga ankadziwa kuti kunali mwana, koma malo ake sanafunsepo mpaka kufa kwawo. Ndipo amayi anati si yekha ayi, ana otere a mudzi wonse ankaikidwa cha pomwepo, kungoti amayi awo ena anamwalira, ena anasamukira kutali.

"Ndiye bwanji simunanene tsiku la zikhomo lija?"

"Ndikanauza ndani? Achimwene?"

Ndinapsa mtima tsiku limenelo, ndipo sindinadziwe woyambira. Ndinakwiyira agogo amene analetsa mwana wawo kulira. Ndinakwiyira amalume ndi jekete lawo, ndinakwiyira kampani, ndinakwiyira mabowo a m'mipanda. Kenako ndinavula nsapato za kutchalitchi n'kulowa m'matope. Kuyambira pamenepo tinkasenza awiri.

Tinalimbana nawo madziwo zaka zingapo. Sitinawagonjetse, koma chulu chinaimabe. Ndiye kunamveka kuti malo onsewo agulidwa ndi kampani ina yodula mapuloti, ikwirira dzenje, anthu amangepo nyumba. Ine ndinasangalala, ndinati basi matumba atha. Anaitanitsanso msonkhano wa eni manda, pamthunzi panja pa mitengo. Amuna anakhala pa mipando ya pulasitiki imene kampani inabweretsa, akazi tinakhala pansi kumbuyo, monga mwa masiku onse. Amene ankafotokoza anali injiniya wachinyamata, waulemu, Chichewa chake chosakaniza ndi Chizungu. Anati kukwirira kokha sikokwanira, madzi ochokera m'mipanda ayenera kupatsidwa njira, apo ayi nyumba zatsopano zidzamira. Choncho akumba ngalande yaikulu ya simenti yotsikira kumtsinje wa Lingadzi. Anali kunena zoona, ndipo ndi funso lomwe lija ena aja sanadzifunse.

"Koma makolo musade nkhawa," anatero. "Ngalandeyi ilambalala manda. Tatsata zikhomo zanu zakale zija, sitikhudza mtengo ndi umodzi womwe."

Amuna anaomba m'manja, amalume akugwedeza mutu ngati anajambula ndi iwo. Ine ndinatembenuka kuyang'ana mzere wa laimu umene anali atathira kale pansi. Unachokera kumipanda, unakhota bwinobwino kupewa mitengo, n'kukwera pachulu penipeni, kutsikira mbali yotulukira dzuwa.

"Kumbuyoko amayi, pali funso?" anafunsa injiniya uja.

Ndinayamba kudzuka, koma amayi anandigwira chitenje n'kunditsina pantchafu mpaka misozi inalengeza.

"Ukanena pano, pamaso pa amuna onsewa, wandivula," anandinong'oneza.

Ndinakhala pansi. Msonkhano unatsekedwa ndi pemphero, anthu n'kulandira zakumwa zoziziritsa kukhosi.

M'mawa mwake ndinapita kwa amalume ndekha. Ndinagwada monga mwa mwambo, ndinawapatsa moni wonse, kenako ndinayamba kufotokoza. Nditangotchula mawu oti chikuta, anakweza manja onse awiri.

"Iii, mwana iwe, basi, basi. Zimenezo mwamuna samva. Ukufuna kundiika m'mavuto?"

"Ndiye amve ndani, amalume? Si inu munakhoma zikhomo?"

"Mayi ako akanandiuza nthawi imene ija."

"Mukuti mwamuna samva, ndiye mukutinso akanakuuzani. Sankhanipo chimodzi, amalume!"

Anandiyang'ana ngati ndawaponda chala. Anati sukulu yandionongera pakamwa. Anati iwo analoza manda amene amawadziwa, manda amene anakumba nawo ndi manja awo, ndipo sangabwerere kwa anthu a kampani kukanena kuti analakwitsa. Madoda anzawo awaona bwanji? Ndinawafunsa ngati ankaganiza kuti ana onse omwalira akhanda m'mudzi muja ankauluka. Anaitana akazi awo kuti andipatse madzi akumwa, kutanthauza kuti nkhani yatha.

Ofesi ya injiniya uja inali ku City Centre komweko, kufupi ndi kumene ndinkagwira ntchito. Amayi anandilola kupita pokhapokha ndisawatchule. Ndinene kuti ndi mayi wina wake. Mnyamatayo anandipatsa mpando, anamvetsera mpaka kumapeto, ndipo nkhope yake inagwa ndithu. Anati iye anakulira m'tauni, za kansenye anali asanamvepo. Kenako anafunsa funso limene linanditsegula pakamwa.

"Koma mayi, bwanji simunanene pamsonkhano? Ndinafunsa ine."

"Munafunsa! Munatikhazika pansi kumbuyo kwa alongo athu ndi apongozi athu, n'kutifunsa za m'chikuta pa chimkuzamawu. Amayi anu akanayankha? Mukanapatula akazi pambali, ndi mkazi mnzawo wowafunsa, bwenzi mutamva zonse tsiku lomwelo. Inu ndi a kampani yoyamba ija n'chimodzimodzi: mukaona jekete mumati mwafunsa mudzi wonse."

Anapepesa. Anatambasula chipepala chake chachikulu n'kundionetsa. Akasunthira ngalande kumanzere, idula mizu ya mitengo ya kumanda, ndipo madoda sangalole. Akaisunthira kumanja, idya kona ya puloti imene inagulidwa kale, mwini wake atathirapo kale njerwa. Ndinati ndiye mufunseni mwini wakeyo, kona imodzi ya kapinga si mwendo wa munthu. Anaimba foni ndili pomwepo. Mawu a mbali inayo ankamveka, a bambo wokhuta, akutafuna kanthu. Anati iye anagula puloti ya makona anayi, ndipo akufuna makona anayi. Akayamba kumvera nkhani za zulu ndiye mawa kubwera wina kudzati pageti pake panagona agogo ake.

Injiniya anaika foni pansi, manyazi atamugwira. Anati chimene angathe n'chakuti tikapeza chooneka, kampani idzasamutsa mwaulemu wonse, ndi bokosi lomwe. Chooneka! Mwana wa masiku owerengeka, woikidwa m'kansalu pa chulu cha chiswe mzinda usanamangidwe, iwo akufuna chooneka. Katapila, anatero, afika sabata yamawa, ndipo sangamuimitse chifukwa mvula yayandikira.

Ndinakawauza amayi zonsezi. Anati mayi wa mwana sakumba, n'zosayenera. Masiku anapita akusanja tomato, osadya bwino. Amene anawadzutsa ndi mnzawo wa pa benchi yoyandikana nayo mumsika, mayi wachisilamu wogulitsa masamusa, mkazi wa mmodzi wa amisiri a zidebe aja. Akhala moyandikana kuyambira ine ndili kumsana. Amayi anamuuza okha, ndipo aka kanali koyamba kuuza munthu wosakhala ine.

"Ndiye mukudikira chiyani, anzanga?" anatero mayiyo. "Amene anakuletsani ali kuti lero? Tiyeni."

"Inu kwanu akazi simupita kumanda," anatero amayi.

"Kumanda sindipita ndithu. Koma madoda akwanu anena okha kuti pamenepo si pamanda."

Tinafika m'mawa wa tsiku lomwe ntchito inkayamba, atatu, ndi timakasu tating'ono. Katapila anali atafika kale, ataima chapatali, woyendetsa akudya chimanga chootcha pamthunzi. Amayi anaima mbali yotulukira dzuwa n'kuyang'ana. Mbali imeneyo ndi imene madzi anadya kwambiri. Theka lake linali litagwera m'dzenje kalekale, matumba athu asanayambe n'komwe. Analoza pena, kenako anati ayi, mwina cha apa. Chulucho nacho chinali chitakula, chitasintha maonekedwe. Munthu anangouzidwa monong'ona, ali wodwala, mawere akutuluka mkaka; akanaloza bwanji?

Tinapalasa pang'onopang'ono, kenako tinasiya makasu n'kumafufuza ndi zala. Tinapeza mizu, chiswe, nsangalabwi, chidutswa cha botolo. Kamwala kalikonse koyera amayi ankakatola, kukapukuta pa chitenje, kukayang'anitsitsa, n'kukaika pambali. Mnzawo uja ankanong'ona mapemphero akwawo. Dzuwa linafika pamutu, zala zathu zitang'ambika. Sitinapeze kanthu.

Amayi anatulutsa chitenje chatsopano m'chikwama, chisanachapidwepo, n'kuchiyala pansi. Anatapa dothi ndi manja pamene analoza poyamba, anatapanso pachiwiri paja, anatapanso cha pakati. Anawonjezera timiyala toyera tija. Anamanga bwinobwino, n'kuwerama.

"Ndibereketse," anandiuza.

Ndinanyamula mtolowo n'kuwaika kumsana. Anaumangira pachifuwa ndi chitenje china, anaudumphitsa kamodzi kuti ukhale bwino, monga amachitira mayi aliyense, n'kuyamba kuyenda kulowera kumitengo.

Sitinapite patali, kunatulukira kapitawo wa kampani yatsopanoyo, chipewa cholimba kumutu, akuthamanga.

"Amayi, amayi! Dothi la pano silichoka. Ndi la kampani. Abwana analetsa, anthu akumaba kukaumbira njerwa. Khuthulani pomwepo."

Ha! Matipa anatuta nthaka ya makolo athu masanasana, phiri lathunthu linapita kukagona pansi pa matayala a anthu, palibe anati khuthulani. Lero nkhalamba yatapa dothi lodzaza manja, akuti yaba! Ndinamuuza zonsezo, ndi zina zimene sindingalembe pano. Iye anaumirira, dzanja lili kale pa mfundo ya chitenje. Amayi sanabwerere m'mbuyo. Anamuyang'ana m'maso, mwamuna, mlendo, antchito ake onse akumva.

"Bambo, chotsani dzanja. Ndi mwana wanga."

Kapitawo anachotsa dzanja ngati wagwira mbaula. Anayang'ana mtolo, anayang'ana mabowo amene tinakumba pachulu. Anali wa kumudzi ameneyo, sanafunsenso. Anavula chipewa n'kupatuka.

Pa zikhomo zofiira panali pataima amalume, jekete lili m'thupi. Anabwera kudzaonerera ntchito ikuyamba. Anamva zonse. Ndinakonzeka kuti akangoti m'manda simulowa, tithana pomwepo. Anayang'ana mlongo wawo, anayang'ana kumsana kwake, kenako anatembenuka kutipatsa mbuyo, maso kumsewu.

"Amayi agona kumanja kwa nkhadze yaikulu," anatero, ngati akuuza mphepo. "Samalani minga."

Ndizo zonse anakwanitsa, zaka zonsezo. Mnzawo wa amayi anatsala pa zikhomo, ife awiri tinalowa.

Pambali pa manda a agogo ndinapalasa kadzenje kosaya, monga ndinamvera kuti ndi mmene amachitira. Amayi anapukusa mutu.

"Kumba mozama," anatero. "Ndikuopanso chiyani?"

Ndinakumba mpaka mkono wonse unalowa. Anamasula mtolo, anauika okha, anakwirira okha ndi manja, n'kusalaza pamwamba. Atatero analira. Sindinawamvepo akulira choncho, ngakhale pa maliro a bambo. Kulira kwa mtsikana, osati kwa nkhalamba. Sindinawatonthoze, anali atatonthozedwa kokwanira. Ali mkati molira, kunja katapila analiza injini, ndipo tinamva chitsulo chikulowa m'chulu.

Potuluka m'mitengo anandigwira dzanja.

"Kodi ndamutenga?" anafunsa. "Kapena anapita ndi madzi kale?"

"Mwamutenga, amayi."

Ngalande ija inamangidwa, ndipo imagwira ntchito bwino kwabasi. Pamene panali dzenje pali nyumba zokongola, ndipo puloti ija ili ndi makona ake anayi, kapinga wobiriwira mpaka kumpanda. Amayi anasiya maulendo a Lamlungu, therere timagula mumsika. Koma mvula yoyamba ikangogunda pa malata, amasiya chimene akuchita, amamvetsera madzi akuthamanga mumsewu, n'kundifunsanso funso lomwe lija.